Tsiku Lomwe Mwamuna Wanga Anamenyana Nkhonya ndi Mlongo Wanga

1

Mayi anga salola kuti dzina la mwamuna wanga litchulidwe pakhomo pawo. Akafuna kumunena amangoti "wa manja uja." Inenso ndinakhala nthawi yaitali ndikumutcha chomwecho, mwana wake ali kumsana kwanga.

Dzina langa ndine Ernestina. Kwathu ndi ku Angónia, koma ndinakulira mu Tete muno, ku Matema, komwe mayi anasamukira bambo atamwalira. Tinabadwa awiri, ine ndi mlongo wanga Yuran, yemwe anabwera mochedwa, mayi atataya kale mtima. Ntchito yanga ndi yosoka zovala pakhonde la nyumba yanga, pafupi ndi kwa mayi.

Dickson anafika pakhondepo ndi thalauza long'ambika. Anali Mmalawi wa ku Thyolo, woyendetsa kamiyawu, galimoto yaikulu yonyamula katundu pakati pa Beira ndi Blantyre. Anali wa mapewa otambalala, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa munthu. Mphuno yake inali yopindika pang'ono, ndipo nditamufunsa anati anagwa pa njinga ali mwana. Mowa sankamwa. Tsiku lina chidakwa chinamulavulira pamsika, iye anangopukuta n'kulowetsa manja m'matumba. Ndinati mumtima, mwamuna wokwatiwa naye ndi ameneyu. Tinakwatirana, tinabereka Tiyamike.

Chinthu chimodzi chokha chinkandidabwitsa. Pa kanema pakaoneka masewera a nkhonya, ankadzuka n'kukakhala panja.

2

Koma kwa Yuran nkhonya zinali moyo. Masana ankasenza matumba a simenti pa sitolo ya zomangira, akaweruka n'kuthamangira ku kalabu ya mphunzitsi wa nkhonya, Mesitiri Amílcar. Kalabuyo inali shedi ya malata chabe, yokhala ndi thumba la mchenga lolendewera padenga. Kunalibe malipiro. Anyamata ankamenyana chifukwa chokonda basi, ndipo wopambana ankalandira chikho chapulasitiki, ena onse n'kudyera limodzi mbuzi yowotcha.

Chaka chimenecho Yuran anasintha. Anali woonda ngati bango, koma malaya omwe ndinkamusokera anayamba kumuthina m'mapewa. Msana unadzaza ziphuphu. Ankapsa mtima pa zinthu zopanda pake, mpaka anaswa chitseko cha mayi chifukwa chinkavuta kutseguka.

"Mana, kulitsaninso malayawa," anandiuza tsiku lina. Ankanditcha mana, monga achitira ana a kuno kwa mchemwali wawo wamkulu.

"Ukudya chiyani iwe?"

"Simenti," anatero akuseka.

Mayi ankanyadira. Ankauza anzawo a ku tchalitchi kuti mwana wawo wakhala mwamuna, ndipo adzapita ku Maputo kukamenyera dziko.

Masana ena ndinapeza Dickson ndi Yuran kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa masawu. Ankalankhula monong'ona, nkhope zili gwa. Atandiona anasiya.

"Mukukambirana chiyani?" ndinafunsa.

"Za amuna, mana," anayankha Yuran. Dickson anayang'ana pansi.

3

Pa tsiku lokondwerera mzinda wa Tete, Mesitiri Amílcar anakonza masewera pa bwalo lina ku Matema. Anamanga zingwe pa nsanja ya matabwa. Dzuwa linali lija la kuno, lomwe limasungunula phula pamsewu, koma anthu anadzaza. Ine ndinakhala kutsogolo ndi mayi ndi Dickson, Tiyamike ali pamiyendo panga.

Nthawi ya Yuran itakwana, mnzake womenyana naye, mnyamata wa ku migodi ya Moatize, sanaoneke. Anthu anayamba kung'ung'udza. Yuran anatsamira pa zingwe n'kuloza kwa ife.

"Alamu anga ali apo! Thupi ndi lofanana ndi langa. Alamu, bwerani tisangalatse anthu!"

Dickson anapukusa mutu.

"Mmalawi waopa!" wina anakuwa, bwalo lonse n'kufa ndi phwete.

Yuran sankaseka. Ankamuyang'anitsitsa Dickson m'maso. "Bwerani, alamu. Kapena ndiwauze anthuwa chifukwa chake simukufuna?"

Ine ndinkayesa nthabwala za pachilamu. Ndinamugunda ndi chigongono. "Pitani, abambo a Tiya. Ndi masewera chabe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anadzuka. Mesitiri anamufunsa ngati anamenyapo nkhonya. "Pang'ono, ndili mwana," anayankha. Anamukweza pa sikelo, anamuveka zovala m'manja zija kuno timati maluva, belu n'kulira.

Munthu yemwe ndinamuona pa nsanjapo sindinkamudziwa. Dickson wanga woyenda mokoka miyendo ankayandama ngati alibe thupi. Yuran ankaponya zibakera zoti zikanagwetsa ng'ombe, koma zonse zinkathera mumphepo. Dickson ankangosuntha mutu pang'ono, n'kumugunda mopepuka pamphumi ngati akugogoda pachitseko. Akagwirana, ndinkaona milomo yake ikuyenda pa khutu la Yuran. Bwalo linakhala chete. Mesitiri Amílcar anavula chipewa n'kuyandikira zingwe.

Ndime yachiwiri itayamba, Yuran ankapuma ndi pakamwa, nkhope itatuwa ngati phulusa. Anathamangira Dickson, ndipo Dickson anamulandira ndi chibakera chimodzi pachifuwa. Sichinamveke n'komwe. Yuran anabwerera m'mbuyo, anatembenukira komwe tinakhala ngati akufuna kundifunsa kanthu, anagwada, n'kugwa chafufumimba.

Anthu anayamba ndi kuwomba m'manja. Dickson yekha ndiye anazindikira. Anazula maluva aja ndi mano, anamutembenuza, n'kuyamba kumukanikiza pachifuwa akukuwa kuti abweretse galimoto.

Chipatala chili tsidya lina la Zambezi. Pa mlatho panali mzere wa magalimoto, ndipo ife tinali kumbuyo kwa kapikapu, mutu wa Yuran uli pamiyendo panga, Dickson akukanikizabe. Ndinkamva thukuta la mlongo wanga likuzizira m'manja mwanga. Tisanafike kutsidya, Dickson anasiya n'kukhala pansi.

Dokotala anati mtima unayima. Anapempha kuti aunike thupi kuti adziwe chifukwa chake, koma mayi anakana. "Mwana wanga mwamumenya kale, musamudulenso."

4

Pa maliro panabwera oyendetsa makamiyawu anzake a Dickson. Mmodzi wa iwo, Brian, anali munthu wa pakamwa posatseka. Ndinkadutsa ndi ndowa ya madzi pomwe panakhala amuna pamene ndinamumva akulankhula ndi Mesitiri.

"Koma abwana, munalola bwanji kuti Nyundo amenyane ndi mwana?"

"Nyundo ndi ndani?" anafunsa Mesitiri.

"Aa, simukudziwa? Dickson! Uja ankamenya nkhonya za ndalama ku Joni, anatengako ndi lamba wa ukatswiri. Anamupeza ndi mankhwala owonjezera mphamvu m'magazi, kawiri konse. Anamuletsa zaka zambirimbiri, ndipo chiletsocho sichinathe. Munthu uja saloledwa kukwera pa nsanja iliyonse."

Ndowa inandipulumuka. Brian anayang'ana uku ndi uku, n'kuzindikira kuti palibe ankadziwa.

Nkhani inalowa m'nyumba ya siwa ine ndisanatole ndowa. Mayi anatuluka chitenje chikukwekwereka pansi. Sanakuwe. Anangopita pomwe Dickson anakhala, anagwira manja ake onse awiri, anawatembenuza n'kuwayang'ana, kenaka anawataya ngati zinthu zowola. Anyamata a ku kalabu anayamba kutola miyala, ndipo akuluakulu a mpingo ndiwo anamutulutsira kuseri.

Dickson ndinamupeza kunyumba atakhala pa mpando wanga wosokera.

"N'zoona?"

"N'zoona, amayi a Tiya."

"Zaka zonsezi ndimagona ndi munthu wa dzina lina?"

"Ndinkafuna kuti munthu ameneyo afere ku Joni."

"Tsiku lija munali mutamwa mankhwala anuwo?"

"Ayi. Ndinasiya ndisanakumane nanu."

"Ndikukhulupirireni bwanji? Munati munagwa pa njinga."

Anagwira mphuno yake yopindika ija n'kuwerama.

"Pali china choti munene?"

Anayang'ana pa zenera, cha ku nyumba ya mayi komwe kunkamveka nyimbo za maliro. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. "Palibe," anatero.

Ndinalongedza zovala zake, zomwe zambiri ndinasoka ndekha, n'kuziika panja. Apolisi anamufunsa mafunso n'kumumasula, popeza masewerawo anali ovomerezana ndipo dokotala anali atanena za mtima. Koma ku Matema mlandu unali utatha kale.

5

Yuran sanachoke msanga pakhomo panga. Kale ankakonda kudumpha chingwe kuseri kwa nyumba, ndipo atamwalira ndinkamvabe chingwecho. Masana dzuwa lili paliwombo, ndikangoyimitsa makina, chinkamveka chikumenya pansi, pha pha pha. Ndikathamangirako ndinkapeza fumbi ndi masawu akugwa basi. Mnyamata aliyense wosenza simenti ankaoneka ngati iye kumbuyo. Manja anga ankazizira mwadzidzidzi ngakhale kukutentha, mpaka singano kundigwa.

M'dera lathu anthu ankatsutsana. Ena ankati munthu akamwa mankhwala amenewo mphamvu zake zimakhalabe m'thupi mpaka kalekale, ndiye kumuika pakati pa anyamata osewera mwachikondi n'kulowetsa ng'ona m'dziwe la ana. Ena ankati chilango chinali cha nkhonya za ndalama, nanga munthu wolangidwa asasewerenso ngakhale ndi abale ake? Akandifunsa ine ndinkayankha mawu amodzi: "Pitani mukafunse kumanda."

Patapita miyezi, kunabwera Neusa, mtsikana yemwe Yuran ankafuna kumukwatira. Anaphunzirako za unamwino koma anasiyira panjira. Anabwera ndi nsalu ngati wofuna kusoketsa, koma anangoikumbatira osaitambasula.

"Ukufuna deresi kapena siketi?" ndinamufunsa.

"Mana Tina, Dário wayamba kuthina malaya."

Dário anali mlongo wake, mmodzi wa anyamata a ku kalabu. Sindinamvetse. "Ndiye ubweretse ndimukulitsire."

"Ayi, mana. Wayamba kuthina malaya ngati Yuran. Msana wadzaza ziphuphu. Dzulo anakankha mayi athu." Misozi inayamba kutsika. "Wandipempha kuti ndizimubaya jekeseni, ndakana. Sindingabayenso munthu wina."

"Kubayanso? Unabaya ndani?"

"Yuran. Ankagula timabotolo ta mankhwala kwa munthu wina wodutsa ndi magalimoto a ku Joni, topanda ndi dzina lomwe. Ine ndinkamubaya pantchafu. Ankati n'zongolimbitsa thupi. Kenaka anayamba kudandaula kuti mtima ukuthamanga ngati ukufuna kutuluka. Ndinamuuza asiye, anandiopseza kuti andisiya ine. M'mawa wa tsiku lija anati ndimubaye muyezo woposa wa masiku onse, ndipo anamwanso mapiritsi oti asatope."

"Dickson ndiye anamuphunzitsa," ndinatero, chifukwa mtima wanga unkafunabe pogwira.

Neusa anapukusa mutu. "Amuna anu anamugwira nato timabotoloto. Anamulanda n'kutiswa. Yuran anabwera kwa ine akutukwana, n'kukagula tina."

6

Ndinafunsa kwa oyendetsa makamiyawu mpaka ndinamva kuti Dickson ali pa malo oimikapo magalimoto, pa msewu wa ku Moatize. Ndinakwera chopela, njinga yamoto ija ya matayala atatu, n'kukafika masana. Ndinamupeza atagona pa katoni kunsi kwa kamiyawu, kuthawa dzuwa. Anali ataonda, ndevu zili nyankhalala. Atandiona anatuluka chokwawa n'kuimirira patali.

"Tiya ali bwanji?"

"Neusa wandiuza."

Anatsamira pa tayala n'kutseka maso.

"Munkadziwa kuti mlongo wanga akudzibaya, osandiuza?"

"Ndinadziwa nditangoona msana wake. Unali msana wanga wakale." Anatsegula maso. "Ndinamuuza kuti ndikukanena kwa inu ndi kwa Mesitiri. Iye anatulutsa telefoni n'kundionetsa kanema wa ine ndikumenya ku Joni. Anali atandifufuza kalekale. Anati, 'Alamu, mukaulula zanga, ndiulula zanu. Tione amene mana amuthamangitse.'"

"Ndiye munasankha kukhala chete."

"Ndinasankha inu ndi Tiya. Ndinkadziuza choncho. Koma zoona zake n'zakuti ndinkaopa manyazi."

"Nanga munakwereranji pa nsanja paja?"

"Ndinaganiza kuti ndikamugonjetsa ndili wopanda mankhwala, ndili ndi mimba ya kamiyawu, aona yekha kuti timabotoloto n'tachabe. Tikagwirana ndinkamuuza kuti, 'Waona? Sizikuthandiza. Gonja, mlamu, tikakambirane kunyumba.' Mtima wake ndinkaumva pachifuwa changa, unkagunda molakwika. Ndikanakweza dzanja pomwepo n'kunena kuti ndagonja ndine. Koma anthu ankakuwa, amayi a Tiya. Ndinali nditaiwala kukoma kwake. Ndinati ndimalize kaye ndime imodzi."

Ndinkayembekeza kuti ndikafika ndimugwadira kupepesa. M'malo mwake ndinaima chilili, osadziwa ngati ndimukumbatire kapena ndimumenye.

"Pa maliro paja bwanji simunanene?"

"Ndikanati chiyani, bokosi lili m'nyumba? Kuti amayi, mwana wanu ankabera masewera? Wonena n'kukhala ine, wobera wodziwika? Akanati ndikupaka wakufa matope kuti ndidziyeretse."

"Pali mnyamata wina wayamba," ndinamuuza. "Dário."

Analowa m'galimoto n'kutenga malaya. "Tiyeni kwa Mesitiri."

7

Mesitiri Amílcar anamvetsera zonse chipewa chili m'manja. Tsiku lomwelo anatenga Dário kupita naye kuchipatala, ndipo madokotala anapeza kuti mtima wake wayamba kale kukula mosayenera. Anamuletsa nkhonya. Anyamata ena awiri anabwera okha kudzaulula.

Chinatsala ndi kuuza mayi. Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Ndinakhala pansi n'kuwafotokozera zonse, kuyambira pa Neusa mpaka pa Dário, ndikuyembekeza kuti akomoka kapena anditemberera. Iwo anapitiriza kusankha nyemba.

"Amayi, mwandimva?"

"Ndakumva. Timabotolo tija tinali m'nsapato zake zakale, kunsi kwa bedi. Ndinatiponya mu Zambezi ndi manja angawa, maliro asanatuluke."

"Munkadziwa? Munandisiya ndithamangitse bambo wa mwana wanga mukudziwa?"

"Sanamumenye kodi? Sananame kodi?"

"Koma si iye yekha, amayi."

Anakweza mutu. Maso awo anali owuma. "Wamoyo angathe kusenza manyazi, Ernestina. Wakufa alibe mapewa. Ndinali ndi mwana wamwamuna mmodzi. Iwe wapita kukamuvula pamaso pa anthu."

Anatenga lichero lawo n'kulowa m'nyumba. Mpaka lero timapatsana moni, amasewera ndi Tiyamike, koma nkhani imeneyi sitinaikhudzenso.

8

Inu amene mukuwerenga, mwina kwanuko mumatsutsananso ngati munthu woletsedwa chifukwa cha mankhwala ayenera kuloledwa m'masewera a m'dera, opanda malipiro. Kale ndinkayankha msanga. Pano ndimachedwa.

Dickson sankayenera kukwera pa nsanja ija, ndipo iye mwini amavomera. Munthu wophunzira kumenya kuti adye sangafanane ndi mnyamata wosenza simenti, ndipo anyamatawo anali ndi ufulu wodziwa yemwe akumenyana naye. Koma tonse tinkayang'ana munthu yemwe anagwidwa kale, pomwe mankhwala anali m'magazi a mwana wathu yemwe palibe anamuyezapo. M'masewera a m'dera mulibe woyeza magazi. Muli ife basi, achibale, amene timaona malaya akuthina n'kumanyadira. Ndipo munthu mmodzi yekha mu Matema monse amene ankadziwa tanthauzo la ziphuphu zija anali ndi chinsinsi chomwe chinamutseka pakamwa. Akanakhala woti anthu akumudziwa, wololedwa kuima kunja kwa zingwe ndi dzina lake lenileni, bwenzi atakuwa tsiku loyamba. Zimenezi ndi zomwe zimandidya. Sindikudziwa ngati Yuran akanamvera. Sindidzadziwa.

Mukaona mwana wanu thupi likusintha mofulumira kuposa chakudya chomwe mukumupatsa, mufunseni kawiri. Akayankha nthabwala, musaseke.

Masiku ano Dickson akamadutsa mu Tete amaima ku kalabu. Savala maluva. Amakhala pa benchi n'kuuza anyamata zomwe anachita ku Joni ndi zomwe analephera kuchita kuno. Makolo ena anachotsa ana awo atamva kuti amafikako, ena anabweretsa awo. Dickson akachoka kumeneko amabwera kudzaona Tiyamike, koma amathera pa mpanda, salowa.

Sabata yatha anandifunsa ngati angabwerere kunyumba. Ndinamuuza kuti adzafunsenso mvula ikagwa. Anayang'ana kumwamba, kopanda ndi kamtambo komwe, n'kugwedeza mutu. Akudziwa kuti kuno ku Tete mvula imachedwa.